Mpira Wachikulunga: Mau kwa Makolo a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Lero ndifuna kulankhula nanu za mpira wachikulunga, uja ana athu amamanga ndi majumbo ndi luzi, namakasewera m'minda mutatha kukolola. Ambiri a inu mumauyesa chibwana chongotaya nthawi. Si choncho ai.

Taonani mpirawo. Ngwaung'ono, suli wobulungira bwino, ndipo panthaka ya mabampu sugubuduka molunjika. Mwana ayenera kuuyang'anitsitsa ndi kuusunga pafupi ndi phazi lake. Ana akamasewera anayi kapena asanu mbali imodzi, aliyense amaukhudza kawirikawiri, ndi mwendo wamanja ndi wamanzere womwe. Koma mukaika ana a zaka 9 m'bwalo la akulu, 11 uku 11 uko, wina angathe kuthamanga madzulo onse osaukhudza ndi kamodzi komwe. Aphunzitsi, chepetsani bwalo.

Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anakulira ku Rumphi, ndipo anayamba ndi mpira wotere, kusewera ndi anyamata. Tabitha anabwera kuno ku Lilongwe ku timu ya DD Sunshine, ndipo mu 2014 anapita ku Sweden. Mu 2023, ali ku Inter Milan, anaposa akazi onse a mu ligi ya Italy ndi zigoli 23. Mu 2024 Temwa anachita chimodzimodzi ku America, ndi zigoli 20 m'timu ya Kansas City Current. Luso lotere silibwera munthu atakula kale.

Nchifukwa chake ndikupemphani inu amayi: mtsikana akatunga madzi ndi kutsuka mbale, mlekeni apite kubwalo. Mchimwene wake athandizeko ntchitozo, pakuti manja ali nawo.

Tsono mundimvetse bwino. Odya za mpira ndi owerengeka, ndipo bondo likavulala ntchito imathera pomwepo. Mwana asajombe kusukulu chifukwa cha mpira, kapena kukhalira kuthamangitsa chikulunga pa msika wa Mitundu nthawi ya maphunziro. Inu a ku Nathenje, letsani ana kusewera m'mphepete mwa msewu wa M1, pakuti magalimoto a ku Dedza amathamanga kwambiri.

Kwa inu mafumu pempho langa ndi limodzi. Patulani kamalo kosalala m'mudzi uliwonse, ndipo anyamata aakulu azule zitsa ndi kutola minga ndi magalasi osweka mvula isanagwe.