Sajeni Amene Anasenza Yekha Zipolopolo

 

Pa tsiku lokumbukira asilikali lino ndikambe za munthu mmodzi, Sajeni John Basilone wa gulu la Marines la dziko la America. Musadabwe kuti ndapita kutali. Mdani amene iye analimbana naye pa zilumba za Pacific ndi yemweyo amene asilikali athu a KAR anakakumana naye ku Burma.

Usiku wa pa 24 Okutobala 1942, pa chilumba cha Guadalcanal, asilikali a Japan anakhamukira bwalo la ndege la Henderson Field. Basilone ankayang'anira timagulu tiwiri ta mfuti za chiwaya. Anzake anagwa mmodzimmodzi mpaka otha kumenya nkhondo anatsala awiri okha. Mfuti ina itafa, anaikonza mumdimamo. Zipolopolo zitayamba kutha sanaloze mnyamata woti akatenge. Ananyamuka yekha, kudutsa malo amene adani anali atalowerera kale, n'kubwera atasenza malamba a zipolopolo. Inu a mikwingwirima pamkono, mundimve bwino pamenepa: kulamula n'kosavuta, pakamwa sipatuluka thukuta. Koma anyamata aja anapirira mpaka kucha chifukwa ankaona ndi maso awo amene wasenza katundu wolemera.

Anam'patsa Medal of Honor, mendulo yoposa zonse kwawoko, ndipo mu 1943 boma linamuzunguza m'mizinda kuti akope anthu kupereka ndalama zothandizira nkhondo. Kwawo ku Raritan, New Jersey, anamulandira ngati mfumu. Anafuna kum'kweza akhale ofesala, iye anakana, n'kupempha kuti abwerere kunkhondo. Ena anganene kuti kumeneko n'kuuma mutu, makamaka kwa munthu amene anadzakwatira mu 1944. Ine sindingawatsutse kwenikweni, pakuti mkazi wake Lena anakhala wamasiye chaka chisanathe.

Pa 19 Febuluwale 1945, tsiku loyamba la nkhondo ya pa chilumba cha Iwo Jima, anaphwasula linga la adani, natsogolera kasinja kudutsa pamalo okwiriridwa mabomba. Tsiku lomwelo anaphedwa, ali ndi zaka 28. Mendulo ya Navy Cross inam'peza ali m'manda.

A wapampando, ndalankhula mokwanira. Agogo athu amene anavalapo yunifolomu atitsogolere, tikaike nkhata za maluwa.