Katundu Amene Namwino Asenza

(Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'masukulu a misyoni)

Munthu akabwerako ku cipatala kumene anali kudwazika mbale wace, kawiri-kawiri amamveka alikunena kuti, "Anamwino a masiku ano ngouma mtima." Mau otere amafika ndi ku sukulu komwe, ndipo ana amawatola. Nkoyenera tsono kuti mphunzitsi adziwe za katundu amene namwino asenza, makamaka iye wosamala odwala khansa amene ali kayakaya.

Wodwala malungo akalandira mankhwala, patapita masiku owerengeka amapinda mphasa yace nabwerera kwao. Koma munthu amene khansa yamfalikira m'thupi amagona masabata ambiri. Namwino amamsambitsa, amamtsuka zilonda, amamtembenuza usiku, mpaka adziwa ndi maina a ana ace omwe. Potsiriza pace ndiye amamtseka maso ndi kukauza abale odikira pa khonde. Asanapume n'komwe, pa kama pomwepo pagona wina.

Kutopa kobwera ndi nchito yotere akatswiri anakufufuza. Mu 1974 Herbert Freudenberger wa ku New York analongosola za kufooka kumene kumagwira anthu otumikira anzao. Pambuyo pace Christina Maslach anaonetsa zizindikilo zace zitatu: kutheratu mphamvu, kuzirala mtima kotero kuti wodwala aoneka ngati nambala ya kama cabe, ndi kuyamba kuyesa kuti nchito yonseyo njopanda pace. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linalemba kuti kufooka kumeneku kumacokera ku zobvuta za pa nchito zimene zakhalitsa osapepukitsidwa. Cotero cimene anthu amaciyesa nkhanza, nthawi zambiri ndi bala la mtima wolemedwa.

Bala limeneli lili nao mankhwala ace. Cicely Saunders wa ku England anayamba nchito ali namwino, koma msana utambvuta analeka, ndipo pambuyo pace anaphunzira udokotala. Mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London, nyumba yosamaliramo anthu amene matenda ao sangacizike. Iye anaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere uli m'thupi, m'maganizo, m'banja ndi mumzimu momwe. Kuti mankhwala oletsa ululu, monga morphine, apatsidwe pa maola oikika ululuwo usanabwerere. Ndi kuti nchitoyo igawidwe pakati pa adokotala, anamwino, abusa ndi abale. Akulu akale anati, mutu umodzi susenza denga. Namwino amene ali ndi mankhwala okwanira, ndi anzace okamba nao pakagwa maliro, ndi tsiku lace lopuma, amakhalitsa pa nchito mtima wace uli wofewa.

Nanga mphunzitsi wa ku mudzi akhudzidwa bwanji? Cipatala ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, koma odwala ambiri amafikako mocedwa, matenda atazika kale mizu. Palibe colefula namwino koposa kulandira mai amene akadacira akadafika msanga. Khansa imene imapha amai ambiri m'Zambia ndiyo ya khomo la ciberekero, ndipo imeneyi njopeweka. Mu 2006 anamwino anayamba kupima amai m'zipatala zazing'ono pogwiritsa nchito viniga, ndipo mu 2019 Boma linayamba kupereka kwa atsikana katemera wa HPV, makamaka kupyolera m'masukulu.

Apa ndipo pali gawo la mphunzitsi. Coyamba, afotokozere makolo za katemerayo, nalimbikitse amai kukapimitsa asanamve kupweteka. Caciwiri, aphunzitse ana kuti imfa ya wodwala si mlandu wa namwino, ndi kuti mau oti "Zikomo" amayenera kunenedwa ngakhale pa tsiku la maliro. Cacitatu, mtsikana kapena mnyamata wofuna unamwino auzidwe zoona: kuti adzaona imfa kawiri-kawiri, ndi kuti kulira kapena kupempha thandizo sikucititsa manyazi.

Anamwino onse anayamba akhala pa benci ya sukulu. Wina wa iwo akabwera ku mudzi pa chuthi, mphunzitsi wace wakale acita bwino kumcezera, osati kukamfunsa mankhwala, koma kukamfunsa m'mene iye mwini alili.