Anthu Amene Sanatseke Wailesi

Tonsefe tidziwa mmene wailesi imalongololera mvula ikamagunda. Ife timangoitseka. Lero tikambe za anthu atatu amene anapitiriza kumvetsera.

Woyamba ndi Karl Jansky wa ku Amereka. Kampani ya lamya ya Bell inamtuma kufufuza phokoso losokoneza mauthenga owoloka nyanja. M'chaka cha 1931 anayamba kumvetsera ku Holmdel ndi mlongoti wa mawaya wozungulira pa mawilo a galimoto. Phokoso lina linali la mabingu, koma panatsala kena kongoti sii, kamene kanali kukula pakapita maola 23 ndi mphindi 56. Nthawi imeneyi ndiyo nyenyezi zimatenga kuti zibwerere pamalo pomwe zinali dzulo. Mu 1933 analengeza kuti kaphokosoko kachokera pakati pa Mlalang'amba, mzere woyera uja timauona kumwamba usiku wopanda mwezi. Kampani inampatsa ntchito ina, ndipo akatswiri a nyenyezi sanalabadire kwenikweni.

Wachiwiri ndi Grote Reber. Mu 1937 anamanga chimbale chachitsulo cha mamita 9 m'mimba mwake, pabwalo la nyumba ya amayi ake ku Wheaton, ndi ndalama za m'thumba mwake. Masana anali kupita kuntchito, usiku namvetsera magalimoto atachepa pamsewu, chifukwa injini zake zinali kusokoneza. Mu 1944 anafalitsa mapu oonetsa kumene mafunde a wailesi achokera kumwamba.

Wachitatu ndi mayi mnzathu, Ruby Payne-Scott wa ku Australia, amene anafufuza mafunde ochokera ku dzuwa ali ku Sydney. Lamulo la masiku amenewo silinalole mkazi wokwatiwa kukhala pa ntchito yokhazikika ya boma, choncho anabisa ukwati wake wa 1944. Utadziwika mu 1950 anamlanda udindo wokhazikikawo, ndipo mu 1951, ali woyembekezera, anasiya ntchito. Lamulolo linachotsedwa mu 1966, iye atachoka kale.

Amayi, nzeru zophunzira nyenyezi pomvetsera mafunde zinayamba ndi anthu otere, osayamikiridwa pa nthawi yawo. Akuluakulu anati kanthu n'khama. Mwana wathu wamkazi akamafunsa mafunso osatha, kapena akamamasula wailesi kuti aone za m'kati, tisafulumire kumkalipira. Tikhale naye pansi, timumvetsere.