Tchaja Yotsika Mtengo ndi Moyo wa Munthu

Munsi mwa mapiri a Mafinga, m'boma la Chitipa, malire a Malaŵi ndi Zambia ali pafupi ndi khomo la munthu. Mtsinje wa Luangwa umayambira m'mapiri omweŵa, mbali ya Zambia, ndipo anthu a ku Chisenga ndi midzi yozungulira akhala akuyenderana ndi anzawo a tsidyalo kuyambira kalekale. Mlimi akagulitsa nyemba kapena chimanga, kaŵirikaŵiri amagula wailesi, nyale yotchaja kapena lamya ya m'manja, katundu amene amalonda ambiri amakapikula ku Nakonde ndi ku Tunduma.

Pogula, mlimiyo amayesa wailesi ngati ikulira bwino, nanenerera mtengo kufikira atakhutira. Koma kabokosi kachingwe kamene wogulitsa amaponyera m'jumbo pomaliza, kaja anthu amati tchaja kapena adaputa, sakayang'ana n'komwe. Komatu mwa zonse zimene wagula tsiku limenelo, kameneka ndiko kali ndi ngozi yoposa.

Chifukwa chake nachi. Magetsi a ESCOM amaloŵa m'nyumba ndi mphamvu ya mavolti 230, ndipo inveta ya sola imatulutsa mphamvu yonga yomweyo. Lamya ya m'manja kaŵirikaŵiri imafuna mavolti 5 okha. Ntchito ya tchaja ndiyo kutsitsa mphamvu yaikuluyo, ndiponso kuitchinga kuti isafike kumene kuli dzanja. M'kati mwake muli kathiransifoma ndi mpata wa mamilimita oŵerengeka wolekanitsa mbali ziŵirizi. Wopanga wachinyengo, pofuna phindu, amachepetsa mpatawo, amaika waya wowonda, nasiya fyuzi. Tsono chinyezi cha m'dzinja kapena fumbi likalumikiza mbali ziŵirizo, mavolti onse 230 amadutsa m'chingwe mpaka pa chitsulo cha lamya imene munthu waika pakhutu.

Izi si nthano ai. M'chaka cha 2014, mayi wina ku Australia anafa atagwidwa ndi nyesi yochokera mu tchaja yotsika mtengo. M'chaka cha 2016, bungwe la UL la ku America, limene limayesa katundu, linayesa matchaja achinyengo 400 otchedwa a Apple, ndipo atatu okha ndiwo anapezeka otchinga nyesi mokwanira. Kunja ankaoneka ngati enieni. Akuluakulu sananame kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malamulo oteteza wogula m'dziko muno alipo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre, lili ndi udindo woika miyeso ya katundu ndi kuyendera woloŵa kuchokera kunja. Lamulo loteteza ogula la 1972 kulibe, koma la 2003 lilipo, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu wosayenera. Komabe kuchokera ku Blantyre kufika ku Chitipa ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000, ndipo katoni yodutsa njira ya m'thengo pa njinga yamoto sikumana ndi woyendera aliyense. Kumalo otere, woyendera wotsiriza ndi mwini sitolo ndi wogula mwini.

Kodi tsono wogula ayang'ane chiyani? Choyamba ndi mano a tchaja. Soketi za m'Malaŵi ndi za maboo atatu amakona, choncho tchaja yoyenera ili ndi mano atatu amakona, aŵiri a m'munsi atakutidwa ndi pulasitiki chakutsinde kuti chala chisakhudze chitsulo. Tchaja ya mano aŵiri obulungira, imene ena amailoŵetsa mokakamiza atatsegula boo la pamwamba ndi kamtengo, imagwira mogwedera, imathetheka ndi kusungunula soketi.

Chachiŵiri ndi zolembedwa. Tchaja yabwino imatchula dzina la wopanga, mphamvu imene imalandira ndi imene imatulutsa. Yolembedwa 100-240V ingagwire ntchito kuno. Yolembedwa 120V yokha inapangidwira maiko monga America, ndipo kuno imapsa. Kabokosi kojambulidwa m'kati mwa kabokosi kanzake ndi chizindikiro chakuti zotchinga nyesi n'ziŵiri. Zilembo za CE zisanyenge munthu: amaika ndi wopanga mwini, kulonjeza kuti watsata malamulo a ku Ulaya, ndipo achinyengo nawo amazisindikiza. Ndiponso adaputa ya mavolti 12 isaikidwe pa wailesi ya mavolti 6 chifukwa chongoti kamutu kake kakuloŵa.

Chachitatu ndi zimene dzanja, khutu ndi mphuno zinganene. Tchaja yopepuka ngati chibokosi cha machesi chopanda kanthu, yochita phokoso m'kati poigwedeza, yotentha mosagwirika, yolira ngati udzudzu kapena yonunkha pulasitiki wopserera, ndiyo yoyenera kuchotsa msanga. Ikang'aluka, siyenera kumangidwa ndi mphira.

Ngakhale tchaja yabwino imafuna kusamala. Isasiyidwe pa mphasa kapena pa bulangete usiku anthu ali m'tulo, makamaka m'nyumba yofolera ndi udzu. Isagwidwe ndi manja onyowa, ndipo izulidwe mvula ya ziphaliwali ikayamba. Eni malo otchajitsirako lamya, kumene lamya zambiri zimaunjikana pa chingwe chimodzi, akumbukire kuti tchaja imodzi yoipa ingathe kupsereza katundu wa mudzi wonse. Munthu akagwidwa ndi nyesi, womuthandiza ayambe wazimitsa magetsi kapena amkankhe ndi mtengo wouma, osati ndi manja, kenaka athamangire naye kuchipatala.

Mau otsiriza apite kwa amalonda, a ku Chisenga ndi a m'maboma onse kufikira ku Nsanje. Iwo ndiwo amasankha katoni yoti apikule, ndipo amene adzagule ndi anansi awo, opemphera nawo limodzi ndi abale awo. Wopikula afunse kumene katundu wachokera, atsegule bokosi, aŵerenge zolembedwa, ndipo asunge lisiti. Wogula naye asachite manyazi kupempha kuti tchaja iyesedwe m'sitolo momwemo iye akuona, pakuti safunsa anadya phula.