Mwanabere wa m'khosi akutiuza chiyani?



Lero ndabwera ndi nkhani ya mwanabere wa m'khosi. Chaka chatha mwana wa achemwali anga anatupa m'khosi. Tinamutema mphini kawiri konse, koma osasintha. Patatha miyezi itatu ndi pomwe tinapita naye kuchipatala, ndipo anamupeza ndi TB. Tonse kudabwa, chifukwa mwanayo sankatsokomola ayi. Ndinawapempha a namwino kuti andifotokozere bwino, ndipo zomwe ndinaphunzira ndi zimene ndikugawireni.

M'thupi mwathu, kuwonjezera pa mitsempha ya magazi, muli timitsempha tina tonyamula madzi otchedwa limfa. Madziwa amatsalira m'minofu magazi akadutsa, ndiye timitsemphati timawatolera ndi kuwabwezera m'magazi. Zili ngati ngalande za kudimba: ting'onoting'ono timathira mu yaikulu. M'njiramo muli timbulu tokhala ngati nyemba, mazanamazana, m'khosi, m'khwapa, m'chifuwa, m'mimba ndi m'mphechepeche. Timbuluti ndi sefa: timakola tizilombo ta matenda ndi kulimbana nato. Kambulu kakagwira nkhondo kamatupa. Ameneyo ndiye mwanabere.

Ngalande yaikulu imayambira m'mimba, kumsana, ndi kukwera m'chifuwa motsamira fupa la msana. Kutalika kwake ndi masentimita ngati 40. Ikafika m'munsi mwa khosi kumanzere, kuseri kwa fupa lopingasa lija lochoka pakhosi kupita paphewa, imathira mu mtsempha wa magazi. Imeneyi imatenga limfa wa m'miyendo, m'mimba ndi mbali yonse yakumanzere, pamodzi ndi mafuta a m'zakudya ochokera m'matumbo. Munthu wina wa ku France, Jean Pecquet, anaifotokoza mu 1651 ataiona mwa galu. Kumanja kuli ina yaifupi, yotenga za dzanja lamanja ndi mbali yakumanja ya mutu, khosi ndi chifuwa basi.

Tsono mvetsani apa. Popeza madziwa ali ndi njira yake, malo omwe mwanabere watulukira amaloza kumene kuli vuto. Wa pansi pa chibwano kawirikawiri ndi dzino kapena zilonda za m'kamwa ndi pakhosi. Wa kunkhongo, yang'anani zipere kapena zilonda za m'mutu. Otere amawawa ukawakhudza, ndipo chilonda chikapola amaphwa okha. Koma chotupa cholimba pamwamba pa fupa lopingasa lakumanzere, pomwe ngalande yaikulu imathera, nthawi zina chimakhala uthenga wa khansa ya m'mimba. Dotolo wa ku Germany, Rudolf Virchow, analemba za ichi mu 1848.

Nanga tithamangire liti kuchipatala? Ngati mwanabere watha masabata awiri osaphwa kapena akukulirakulira. Ngati ndi wolimba koma osawawa. Ngati timbulu tamatana kapena taphulika ndi kumatuluka mafinya. Ngati munthuyo akuwonda, akutentha thupi, kapena akutuluka thukuta usiku. Zimenezi zikhoza kukhala TB, HIV kapena khansa, ndipo ndi maso okha sitingasiyanitse. Kuchipatala amayeza magazi, mwina kutenga timadzi ta m'chotupacho ndi jakisoni.

Mphini sizifika kumene kuli tizilombo, abale anga. Zimangotsegula khungu, ndipo lezala yobwerekana imafalitsa matenda ena. Mankhwala a TB m'zipatala za boma kuno ku Mozambique ndi aulere, ndipo amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa. Mwana uja anamwa mpaka kumaliza, lero ali kusukulu. Koma miyezi itatu ija tinamuzunza ndife.

Madzulo ano, amayi, posambitsa ana muwapapase m'khosi. Abambo, inunso dzipapaseni. Mukapeza chokayikitsa, musadikire kuti mukolole kaye.