Anthu amene timawadutsa osawajambula: zimene ndinayankhula Loweruka

Ine si katswiri, ndangomaliza fomu 4 chaka chatha, ndiye mundipirire.

Ndiyambe ndi funso. Mukatenga pensulo, mumajambula ndani? Ambirife timathamangira oimba ndi osewera mpira. Amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu aja timawadutsa tsiku lililonse, koma m'makope mwathumu mulibe ngakhale mmodzi.

Mu 1849, Gustave Courbet wa ku France anajambula anthu awiri oswa miyala: nkhalamba itagwada ndi nyundo, mnyamata atanyamula dengu, zovala zili zong'ambika. Chithunzicho chinali chachikulu, kupitirira mamita awiri m'litali. Nthawi imeneyo ukulu wotero unali wa mafumu ndi nkhani za m'Baibulo, ndiye anthu apamwamba a ku Paris ananyansidwa nacho. Iye sanawakongoletse anthuwo. Nkhope zawo sizioneka bwino n'komwe, umangoona misana ndi ntchito basi. Chithunzicho chinawonongeka pa nkhondo ku Germany mu 1945.

Koma amene amandigwira mtima ine ndi Gerard Sekoto wa ku South Africa. Anali mphunzitsi, kenako anasiya choko n'kukakhala ku Sophiatown, dera la anthu akuda ku Johannesburg. Ankajambula zimene ankaona pakhomo: misewu yafumbi, amayi akuchapa, ana akusewera. Mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake cha Yellow Houses, koyamba kuti igule ntchito ya munthu wakuda. Palinso Song of the Pick, kachiyang'aneni pa intaneti. Amuna ali pamzere, akweza mapiki nthawi imodzi, kapitawo wachizungu wangoima pambali. Ndikachiona ndimakumbukira agogo anga amene anakagwira ntchito ku Joni, ndipo kunyumba tilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi cha zaka zimenezo.

Mu 1955 boma la tsankho linayamba kusamutsa anthu ku Sophiatown n'kugwetsa nyumba zawo. Pamalopo anamangapo dera la azungu, dzina lake Triomf. Sekoto anali atapita kale ku Paris mu 1947, ndipo anamwalira konko mu 1993 osabwereranso kwawo. Wofuna kuona misewu ija lero, amakaiona pa nsalu zake.

Ndiye pempho langa nali. Loweruka likubwerali aliyense abwere atajambula munthu mmodzi wogwira ntchito kwanuko, kaya wakabaza, kaya wogulitsa makala. Koma chonde muyambe mwawapempha kaye, ndipo mukamaliza mukawaonetse. Mapepala ndibweretsa ine, mapensulo aliyense ake.