Zomwe mnzathu anayankhula pa mkumano wa Loweruka: za PCOS

Lero ndikamba za PCOS, vuto la mahomoni lomwe limagwira pafupifupi mtsikana kapena mayi mmodzi mwa 10 aliwonse. Zizindikiro zake ndi kudumphitsa msambo, ziphuphu zosatha, kumera ndevu ndi kunenepa mosadziwika bwino. Si ufiti ayi, ndipo anyamata inu, si nkhani yoseka.

Kwa ambiri, thupi silimvera bwino insulin, ndiye shuga wa m'magazi ndi mahomoni zimasokonekera. N'chifukwa chake zomwe timadya zili ndi gawo lalikulu. Nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda yochepa, ndiwo zambiri: nyemba, nandolo, bonongwe, usipa. Sobo, mandasi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga uja tichepetse. Kuyenda ndawala kapena kusewera netibolo mphindi 30, masiku 5 pa sabata, kumathandiza. Munthu wa makilo 80 akatsitsa 4 okha, msambo umatha kubwerera m'chimake.

PCOS siitheratu, koma imawongoleka, ndipo ambiri amabereka bwinobwino. Ikalekereredwa, imatha kubweretsa matenda a shuga. Ngati mwatha miyezi 3 osapita kumwezi ndipo si mimba, pitani kuchipatala, osati kwa ogulitsa zitsamba pamsika.